Ming'alu pakhoma la nyumba yomwe tikufuna kugula ku Essex: tipitirize kapena tiisiye?

NaPhiri_Essex
Moni nonse a pagulu pano. Ine ndi amuna anga takhala tikuchita lendi kuno ku England kwa zaka zambiri, ndipo tsopano tapeza nyumba yomwe tikufuna kugula kumwera kwa Essex. Ndi ya zipinda zogona zitatu, yomangidwa cha m'ma 1930, mwa nyumba zija zimakhala ziwiri zogundana khoma limodzi. Mwini wake wavomera mtengo womwe tinatchula, ndipo banki yavomera kutipatsa ngongole itatumiza munthu wake kukaiona. Koma titapitako kachiwiri tinaona mng'alu pakhoma lakutsogolo, woyambira pakona ya zenera lalikulu lija lotulukira panja (bay window) ndi kukwera chopingasa motsata mizere ya njerwa. M'chipinda chochezera, pamalo omwewo, penti ndi watsopano pomwe makoma ena onse ndi a penti wakale, ndipo chitseko cha chipindacho chimakhula pansi pochitsegula. M'mbali mwa msewu, pafupi ndi nyumbayo, pali mtengo waukulu wa oak. Ejenti akuti nyumba zonse zakale zimakhala ndi ming'alu, ndipo banki sikadavomera ngongole pakadakhala vuto. Amuna anga akuti tisawonongenso ndalama pa saveya, katswiri woyendera nyumba, popeza banki yaona kale. Ine mtima sukukhazikika chifukwa ndimamva za subsidence, kutitimira kwa nthaka pansi pa maziko. Amene munagulapo nyumba kuno, ndithandizeni nzeru.

Mlonda_wa_Leeds
Achemwali, choyamba chimene muwauze bambo a kunyumbako ndi chakuti banki sinaiyendere nyumbayo m'malo mwa inu. Munthu amene banki imatumiza amangofuna kudziwa ngati nyumbayo ingagulitsidwe pamtengo wobweza ngongole yawo inu mutalephera kulipira. Nthawi zambiri sakhalitsa m'nyumbamo, ndipo pena safika n'komwe, amangoyerekeza mtengo pa kompyuta poona nyumba zina zomwe zagulitsidwa m'deralo. Lipoti lake ndi la banki, ngakhale mutakhala kuti mwalipira ndinu. Kuyendera nyumba kwenikweni kumachitidwa ndi saveya wolembedwa ndi inuyo, ndipo ambiri mwa iwo ali pansi pa bungwe la RICS. Kuyambira mu 2021 malipoti awo ali m'magawo atatu. Level 1 ndi yachidule, yoyenera nyumba yatsopano yopanda chokayikitsa. Level 2 ndi ija kale inkatchedwa HomeBuyer Report. Level 3 ndi ija anthu amaitchabe full structural survey, ndipo ndi imene imafotokoza mwatsatanetsatane momwe nyumba inamangidwira, chomwe chawonongeka, chifukwa chake ndi zofunika kukonza. Nyumba ya m'ma 1930 yokhala ndi mng'alu wooneka ndi maso siyenera china chochepera Level 3. Mtengo wake umayambira mapaundi mazana angapo ndipo ukhoza kudutsa £1,000 malinga ndi kukula kwa nyumba ndi dera, koma muuyerekeze ndi ngongole yomwe mudzakhala mukubweza kwa zaka 25 kapena 30.

Gogo_wa_Luton
Mwana wanga, penti watsopano pamalo amodzi okha ndiye yankho lanu. Munthu sapenta kakona kamodzi ka chipinda popanda chimene akubisa. Nyumba zogulitsa zilipo zambiri. Isiyeni imeneyo mufunefune ina.

Injiniya_wa_Zomba
Agogo, ndikumvetsa nkhawa yanu, koma ndipemphe kuti tisafulumire kugamula, chifukwa ming'alu yambiri yomwe timaona pa nyumba za kuno si ya subsidence. Pulasitala amang'ambika akamauma, njerwa zimafutukuka ndi kunyala malinga ndi kutentha, mtanda wa pamwamba pa zenera umatha kufooka, ndipo tizitsulo tomangirira makoma awiri a njerwa tikachita dzimbiri timabweretsa ming'alu yoyenda mogona. Zonsezi zimakonzeka popanda kukhudza maziko. Palinso nyumba zambiri zakale zomwe zinatsika pang'ono zaka makumi angapo zapitazo n'kukhazikika, ndipo sizinasunthenso.

Komabe a NaPhiri, zimene mwafotokozazi zikufanana ndi zizindikiro zomwe timaziopa. Mng'alu wa kutitimira kwa nthaka umayenda chopingasa, umakonda kuyambira pakona ya zenera kapena chitseko chifukwa khoma ndi lofooka pamenepo, kawirikawiri umakhala waukulu kumwamba ndi wochepa kumunsi, ndipo umaoneka kunja ndi mkati pamalo amodzi. Zitseko ndi mazenera zimayamba kuvuta kutseka chifukwa mafelemu apindika. Akatswiri kuno amatsata muyeso wa bungwe lofufuza za zomangamanga la BRE womwe umagawa ming'alu kuyambira gawo 0 kufika gawo 5. Wosapitirira mamilimita 5 umatengedwa kuti ukungowononga maonekedwe, wa pakati pa mamilimita 5 ndi 15 ndi woti khoma litsegulidwe ndi kukonzedwa, ndipo woposa mamilimita 25 ndi woti mbali ina ya nyumba imangidwenso. Koma kukula kwa mng'alu lero si funso lalikulu. Chofunika kudziwa ndi chakuti kodi khomalo likusunthabe kapena linaima, ndipo chikulisuntha n'chiyani. Mungatiuzeko kukula kwa mng'aluwo, komanso kutalika kwa mtunda wochokera pamtengowo kufika pakhoma?

NaPhiri_Essex
Zikomo a Injiniya. Ndalama yachitsulo ya £1 imalowa cham'mbali kumtunda kwa mng'aluwo, koma kumunsi siilowa. Mtengowo uli pafupi ndithu, mwina mamita 8 kuchokera pazenera, ndipo ndi wautali kuposa denga la nyumbayo.

Injiniya_wa_Zomba
Ndalama ya £1 ndi yochindikala mamilimita 2.8, kotero mng'alu wanu uli cha pa mamilimita 3 kumtunda. Sunafike poopsa, koma wafika poyenera kufufuzidwa. Mbali yaikulu ya kumwera kwa Essex ndi London ili pa dothi la dongo lotchedwa London Clay, lomwe limafufuma likamwa madzi ndi kunyala likauma. Mtengo wa oak uli m'gulu la mitengo yomwe imamwa madzi kwambiri, pamodzi ndi willow ndi poplar, ndipo m'nyengo yotentha mizu yake imayamwa chinyontho pansi pa maziko mpaka dothi limanyala, khoma n'kutsika. Nyumba za m'ma 1930 zinkamangidwa pa maziko osazama poyerekeza ndi za masiku ano, zomwe pa dothi lotere zimakumbidwa pafupifupi mita imodzi, kapena kuposerapo ngati pali mitengo pafupi. Zenera lotulukira panja lija nthawi zambiri limakhala pa maziko osazama kuposa a nyumba yeniyeniyo, n'chifukwa chake limayamba ndilo kusuntha. Zimenezi zili ndi ubwino wake, chifukwa kukonza zenera lokha n'kosavuta kusiyana ndi kukonza khoma lonse. Lowani pa webusaiti ya British Geological Survey muone mapu a dothi la pamalo enieniwo, popeza m'madera ena a Essex pamwamba pa dongolo pali miyala ndi mchenga, ndipo nkhani yake imakhala ina.

Kambuku_Coventry
Ngati vuto ndi mtengo wa oak uja, gulani nyumbayo pamtengo wotsika, kenako mudule mtengowo. Nkhani yatha pamenepo.

Mlonda_wa_Leeds
Achimwene a Kambuku, uphungu umenewo ukhoza kuwalowetsa m'mavuto awiri. Mtengo wa m'mbali mwa msewu ndi wa khonsolo, si wa mwini nyumba, ndipo ngakhale ukadakhala m'bwalo lawo, mitengo yambiri ikuluikulu ili ndi chitetezo chotchedwa Tree Preservation Order, moti kuudula kapena kuusadza popanda chilolezo ndi mlandu wolipitsidwa chindapusa. Vuto lachiwiri ndi la dothi lomwelo. Ngati mtengowo ndi wakale kuposa nyumbayo, ndiye kuti nyumbayo inamangidwa pa dothi lomwe linali louma kale chifukwa cha mtengowo. Mukauchotsa, dothi limayamba kumwa madzi pang'onopang'ono kwa zaka zingapo n'kumafufuma, ndipo limakankhira maziko m'mwamba. Zimenezi amati heave, ndipo zimatha kuwononga nyumba kuposa kutitimira komwe mumathawa. Asanadule mtengo, katswiri wa mitengo ndi injiniya wa zomangamanga amayenera kugwirizana kaye.

Kambuku_Coventry
Za kufufuma kwa dothizo ndamva, koma ndikuonabe kuti khonsolo siyenera kusunga mtengo womwe ukugwetsa nyumba za anthu.

Injiniya_wa_Zomba
Khonsolo imatha kuvomera kusadza kapena kuchotsa mtengo, koma imafuna umboni. Amakumba dzenje pafupi ndi maziko, amatenga dothi ndi tizidutswa ta mizu kukayeza kuti adziwe ngati mizuyo ili ya mtengo womwewo, ndipo amayeza kusuntha kwa khoma kwa miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu. Ngati mng'alu ukukula kumapeto kwa nyengo yotentha n'kuyamba kutsekeka m'nyengo yozizira mvula ikalowa pansi, umenewo ndi umboni wamphamvu wakuti vuto ndi dongo ndi mitengo. Ntchito yonseyi kawirikawiri imayendetsedwa ndi kampani ya inshuwalansi ya mwini nyumba, osati wogula yemwe sanasaine n'komwe.

Mbumba_ya_Phalombe
Ndikuwerenga ndili kuno kumudzi, ndipo ndikuona kuti dothi mukunenalo likuchita ngati makande athu a kuno ku Phalombe ndi ku Chikwawa, omwe m'chilimwe amang'ambika mpaka mkono kulowa, koma mvula ikagwa amafufuma n'kumata. Amene amamanga pa makande osakumba maziko mozama amaona makoma akung'ambika chaka ndi chaka, akamata simenti mng'alu n'kubwereranso pomwepo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno ambiri timagula nyumba titangoiona ndi maso ndi kufunsa anthu oyandikana nayo, ndipo ndi ochepa amene amalemba injiniya kuti aiyendere asanapereke ndalama. Achemwali muli ndi mwayi wakuti kumeneko akatswiri alipo ndipo malipoti awo ali ndi mphamvu pa lamulo. Koma nzeru yofunsa oyandikana nayo musaitaye. Gogodani pa nyumba yogundana nayo khomayo ndi zina za mumsewu womwewo, mufunse ngati nawonso anaonapo ming'alu.

Mayi_wa_Awiri_Kent
Nonse mwathamangira ku mtengo, koma ine ndikupempha kuti muonenso mapaipi a pansi. Nyumba yathu inayamba kung'ambika pakona ya khitchini, ndipo pafupi panalibe mtengo uliwonse. Atalowetsa kamera m'mapaipi otaya madzi anapeza kuti paipi yakale yadothi inali itasweka polumikizira, moti madzi ankatuluka pansi mwakachetechete n'kumafewetsa nthaka ya pansi pa maziko. Atakonza paipiyo n'kudikira miyezi ingapo, khoma linaima, ndipo anangomata ming'alu. Nyumba za m'ma 1930 zambiri zikadali ndi mapaipi adothi omwe anaikidwa pomanga, ndipo mizu ya mitengo imakonda kulowa m'menemo. Kuyendera mapaipi ndi kamera sikudula kwambiri poyerekeza ndi zina zonsezi, ndipo saveya wamba sachita zimenezi, amangotsegula chivundikiro n'kusuzumira. Dziwaninso kuti kuyambira mu October 2011, mapaipi omwe nyumba zingapo zimagawana komanso omwe ali kunja kwa malire a poloti yanu ali m'manja mwa kampani ya madzi ya m'deralo, kotero mukapeza kuti paswekapo ndi pamenepo, kukonza kwake si kwanu.

Mphala_ya_Barnsley
Kwathu kuno ku South Yorkshire nkhani ya kutitimira imakhudza migodi yakale ya malasha. Pogula nyumba, loya amaitanitsa lipoti la migodi lotchedwa CON29M, lomwe limaonetsa ngati pansi pa nyumba panakumbidwapo malasha, ngati pali dzenje lolowera mumgodi pafupi, komanso ngati wina anadandaulapo kale za kuwonongeka kwa nyumbayo. Bungwe loona zimenezi linkatchedwa Coal Authority, ndipo mu 2024 linasintha dzina kukhala Mining Remediation Authority. Lamulo la 1991 limapereka mwayi woti nyumba yowonongeka chifukwa cha migodi ya malasha ikonzedwe kapena mwini wake apepesedwe. Abale amene mukugula ku Nottinghamshire, Stoke-on-Trent, South Wales kapena kumpoto chakum'mawa kwa England, musalole kuti lipoti limeneli lidumphidwe pofuna kupulumutsa ndalama zochepa.

Mlonda_wa_Leeds
N'zoona, ndipo madera ena ali ndi zawozawo: ku Cheshire, makamaka ku Northwich, ndi mchere womwe unkapopedwa pansi, ku Cornwall ndi migodi yakale ya tin, ku Ripon ndi mwala wa gypsum womwe umasungunuka ndi madzi n'kusiya maenje. Ku Essex kulibe migodi ya malasha, koma cha ku Grays kuli maenje akale omwe anthu ankakumbamo choko. Loya wa a NaPhiri ayenera kuitanitsa lipoti la momwe nthaka ilili pamalopo. Tibwerere ku nyumba yawo.

Nankhoma_Insurance
Ine ndimagwira ntchito yokhudza inshuwalansi ya nyumba, ndipo ndikufuna a NaPhiri amvetse kuti nthawi zambiri chomwe chimalepheretsa malonda otere si khoma, koma inshuwalansi. Banki siitulutsa ndalama ngati nyumba ilibe inshuwalansi yomwe ikuphatikizapo subsidence. Mukamafunsira inshuwalansi, adzakufunsani ngati nyumbayo inaonetsapo zizindikiro za kutitimira kapena ngati ili ndi ming'alu. Popeza mwauona kale mng'aluwo, simungayankhe kuti ayi. Mukabisa, tsiku lomwe mudzapite kukadandaula kuti akulipireni akhoza kukana kulipira kapena kuthetseratu mgwirizano wonse, inu n'kutsala ndi ngongole pamodzi ndi khoma long'ambika. Makampani ambiri omwe mumawapeza pa mawebusaiti oyerekeza mitengo amangokana akamva mawu amenewa, koma alipo ena omwe ntchito yawo ndi nyumba zoterezi, ndipo bungwe la BIBA limathandiza kupeza broker, munthu wokufunirani inshuwalansi, wodziwa zimenezi. Dziwaninso kuti pa dandaulo la subsidence, ndalama yomwe mwini nyumba amayamba walipira yekha kawirikawiri imakhala £1,000, ndipo pa nyumba yomwe inakhalapo ndi vutoli imatha kukwera kwambiri.

Njira yomwe imathandiza ambiri ndi kufunsa kampani yomwe ikuteteza nyumbayo panopa ngati ingapitirize ndi inu mukagula. Siikakamizidwa ndi lamulo, koma kawirikawiri imavomera, makamaka ngati ndi yomwe inakonzetsa vutolo. Pemphani loya wanu aonetsetse fomu ya TA6 yomwe wogulitsa amadzaza, chifukwa muli mafunso okhudza inshuwalansi: ngati anadandaulapo, komanso ngati anavutikapo kupeza inshuwalansi. Wogulitsa akanama pa fomu imeneyi mukhoza kumusumira, koma milandu ndi yodula ndipo imatenga nthawi, kotero n'kwabwino kudziwa zoona musanasaine.

Tsabola_Croydon
Ndikufuna kuyankha agogo a ku Luton mwaulemu. Ife tinagula nyumba yomwe inachitidwa underpinning kalekale, kutanthauza kuti anakumba pansi pa maziko akale chigawo ndi chigawo n'kuthira konkire kufika pa dothi losasuntha. Ogula ena onse anathawa atangomva mawuwo, ndipo ife tinaipeza pamtengo womwe tikadalephera kupeza nyumba ina m'deralo. Tinapempha mapepala onse: lipoti la injiniya amene anayang'anira ntchitoyo, satifiketi ya khonsolo yosonyeza kuti ntchito inatsata malamulo omangira, ndi Certificate of Structural Adequacy, satifiketi yofotokoza vutolo ndi momwe linakonzedwera. Tinalembanso injiniya wathuwathu kuti aione. Kudzera m'nyengo yotentha ya 2018 ndi ya 2022, pomwe nyumba zambiri kummwera kuno zinang'ambika, yathu sinasunthe, koma ya oyandikana nafe yomwe sinakonzedwepo inang'ambika. Timalipira inshuwalansi yokwererapo, zimenezo sindibisa. Koma nyumba yomwe vuto lake linadziwika n'kukonzedwa bwino ndimaikhulupirira kuposa yomwe ili pa dothi lomwelo koma palibe amene anaifufuzapo.

Gogo_wa_Luton
Mwalankhula bwino mwana wanga, koma inu mukunena za nyumba yomwe inakonzedwa ndipo mapepala alipo. A NaPhiri akunena za mng'alu womwe uli potseguka lero ndi penti wobisa mkati. Ndiponso tsiku lomwe mudzafune kugulitsa, ogula adzakuthawani monga momwe anathawira mwini wake woyambayo. Ambiri a ife kuno timagula nyumba tili ndi maganizo odzaigulitsa pobwerera kumudzi. Nyumba yovuta kugulitsa imamanga munthu miyendo.

Tsabola_Croydon
Pamenepo sindikutsutsani agogo. N'chifukwa chake mtengo wogulira uyenera kutsika mokwanira kuti kuchotsera komwe mudzapereke pogulitsa mukhale mutakulandira kale pogula.

Thyolo_ku_Glasgow
Kuno ku Scotland zinthu zimayenda mosiyana. Kuyambira mu December 2008, wogulitsa ndi amene amakonzetsa Home Report nyumba isanaikidwe pamsika, ndipo muli lipoti la saveya lomwe wogula aliyense amatha kuwerenga asanatchule mtengo. Ngakhale zili choncho, saveyayo akaona mng'alu wokayikitsa amangolemba kuti pakufunika injiniya. Ku England mulibe dongosolo limeneli, kotero udindo wonse wofufuza uli pa wogula.

Kambuku_Coventry
Mfundo imeneyo ndi yomwe ndimafuna kufunsa. Ine ndinalipira Level 3, ndipo lipoti linabwera lalitali kwambiri, koma pofika pa mng'alu womwe unkandidetsa nkhawa saveya anangolemba kuti ndifunse injiniya. Ndinalipira kawiri. Bwanji a NaPhiri asangopita kwa injiniya mwachindunji?

Injiniya_wa_Zomba
Funso lanu ndi lomveka, ndipo ndikadakhala ine ndikadayamba ndi injiniya, chifukwa mng'aluwo ndi womwe ugamule ngati malonda apitirire. Palibe chifukwa cholipirira lipoti la denga, chinyontho ndi matabwa pa nyumba yomwe mwina simuigula. Koma ntchito ziwirizi si imodzi. Injiniya mukamuitanira mng'alu amaona mng'alu ndi zokhudzana nawo basi, sakuuzani za denga lodontha kapena matabwa ofumbwa. Injiniya akanena kuti vutolo ndi lotheka kukhala nalo, pamenepo lembani saveya aione nyumba yonse, ndipo mumupatse lipoti la injiniyayo. Posankha, funani amene ali membala wa Institution of Structural Engineers kapena Institution of Civil Engineers, amene ali ndi inshuwalansi ya ntchito yake, ndipo asakhale wotumizidwa ndi ejenti wogulitsa nyumbayo kapena wogwira ntchito ku kampani yomwe imachita underpinning, chifukwa wotereyu ali ndi phindu pa yankho lomwe akupatseni. Ndinenenso kuti underpinning imafunika pa nyumba zochepa chabe. Zambiri zimakhazikika akakonza mapaipi kapena akathana ndi mitengo.

NaPhiri_Essex
Ndathokoza nonse. Ndinawawerengera amuna anga zomwe mwalemba ndipo avomera kuti tilembe injiniya. Ndinafunsanso loya wathu za fomu ya TA6, ndipo wapeza kuti mwini nyumbayo analemba kuti anadandaulapo ku inshuwalansi itatha nyengo yotentha ya 2018. Akuti kampaniyo inayeza khomalo kwa kanthawi, khonsolo inasadza mtengowo, kenako anamata ming'alu popanda kukhudza maziko. Ejenti sanatiuzepo zimenezi. Tsopano akutiimbira foni pafupipafupi kunena kuti pali wogula wina wokonzeka, ndipo tikachedwa kusainirana mapangano nyumbayo itipulumuka.

Gogo_wa_Luton
Ndiye kuti anamata ndipo wabwereranso. Maganizo anga sanasinthe, koma ngati mwaikonda chotere, musasaine kanthu injiniya asanalankhule.

Mlonda_wa_Leeds
Achemwali, musatengeke ndi mafoni amenewo. Ku England, musanasinthane mapangano osainidwa, mukhoza kuchoka nthawi iliyonse n'kungotaya zomwe mwalipira loya ndi akatswiri. Mukangosinthana, mwamangika: mukabwerera m'mbuyo mumataya dipoziti, yomwe kawirikawiri ndi 10 peresenti ya mtengo wa nyumba, ndipo pa mapangano ambiri udindo wa inshuwalansi umagwera inu kuyambira tsiku lomwelo, osati tsiku lolandira makiyi. Wogula winayo, ngati alipodi, adzawerenga fomu yomweyo ndi kuona mng'alu womwewo. Dziwaninso kuti loya wanu nthawi zambiri amaimiriranso banki, kotero ayenera kuidziwitsa za dandaulo la 2018 lija, ndipo banki ikhoza kufuna lipoti la injiniya, kusunga gawo la ndalama mpaka pakonzedwe, kapena kubweza chivomerezo chake. Ndi bwino zimenezi zidziwike panopa.

Nankhoma_Insurance
Nkhaniyi tsopano yasintha, ndipo ndikuona njira. Ngati mng'alu wabwerera pamalo omwe kampani ya inshuwalansi inakonza, woyenera kukadandaulanso ndi mwini nyumbayo, panopa nyumba ikadali yake. Pemphani kudzera mwa loya kuti atero, komanso kuti akupatseni mapepala onse a dandaulo loyamba lija: zotsatira za kuyeza dothi ndi mizu, manambala a kusuntha kwa khoma mwezi ndi mwezi, makalata a khonsolo okhudza mtengowo, ndi satifiketi yomwe anapatsidwa potseka nkhaniyo. Funsani ngati akadali ndi kampani yomweyo kapena anasintha. Kenako pezani kalata yochokera ku kampaniyo yonena kuti idzapitiriza kuteteza nyumbayo m'dzina lanu, kuphatikizapo subsidence, yotchula mtengo wa pachaka ndi ndalama yomwe mudzayambe mwalipira nokha, komanso yonena kuti dandaulo lomwe latsegulidwalo lidzapitirira nyumba ikasintha mwini. Lonjezo la pafoni musalilandire. Mwini nyumba akakana kupereka mapepalawa kapena kutsegulanso dandaulo, pamenepo ndigwirizana ndi agogo kuti muisiye.

Mayi_wa_Awiri_Kent
Muonenso m'mapepalawo ngati mapaipi anayenderedwa ndi kamera nthawi imeneyo. Ngati sanatero, kapena ngati padutsa zaka zambiri, chititsani zimenezo injiniya asanalembe lipoti lake kuti aphatikizemo zotsatira zake.

Injiniya_wa_Zomba
Kusadza mtengo wa oak kumachepetsa madzi omwe umamwa kwa kanthawi kochepa chabe, chifukwa nthambi zikaphukanso umayambiranso kumwa monga kale, ndipo pamafunika kubwereza zaka zingapo zilizonse. Mu July 2022 kutentha kunapitirira madigiri 40 kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya UK, ndipo nyumba zambiri za pa dongo zinang'ambika chaka chimenecho, kotero n'zotheka kuti mng'alu wanu unatsegukanso nthawi imeneyo. Funsani ku khonsolo ngati mtengowo uli pa ndondomeko yosadzidwa pafupipafupi, komanso kuti unasadzidwa liti komaliza.

Pomulembera injiniya, musangoti akaone nyumba. Mutumizireni mapepala a 2018 aja asanapite, ndipo mumupemphe kuti m'lipoti lake ayankhe momveka ngati kusunthako kukupitirira kapena kunaima, ngati kukukhudza zenera lokha kapena khoma lonse lakutsogolo pamodzi ndi logundana ndi nyumba inayo, chomwe akuganiza kuti chikuchititsa, ntchito yomwe ikufunika ndi mtengo wake mongoyerekeza. Mwina adzakuuzani kuti sangatsimikize popanda kukumba dzenje loonera maziko kapena kuyeza kwa miyezi ingapo. Limenelo ndi yankho la munthu woona mtima, ndipo kukumbako kudzafuna chilolezo cha mwini nyumba. Akapeza kuti ndi zenera lokha, pemphani makontirakitala awiri kapena atatu akupatseni mitengo yolembedwa, ndipo mupite nayo kwa wogulitsa pokambirananso mtengo wa nyumbayo. Ngati ntchitoyo idzafune kukumba pafupi ndi khoma logawana ndi oyandikana nawo, lamulo la Party Wall la 1996 limafuna kuti muwadziwitse mwa kalata ntchito isanayambe, ndipo ndalama za saveya wa mbali imeneyo muziwerengeretu pamodzi ndi zina zonse.